Ufa Umene Ndinathira M'phala la Limbani

Sendezani mipandoyo kuno, amayi. Inu a kumbuyoko musakhale ngati mwangoperekeza anzanu. Mawu anga masiku ano safika patali, ndipo nkhaniyi sindifuna kuikamba kawiri. Amene muli ndi kabotolo kuseri kwa thumba la mpunga, kapena kanthu kena kamene mwakakhalira osakanena, inu ndiye mukhale pafupi kwambiri. Mayi Gondwe a pagulu lathu lino la amayi olimbana ndi mowa akulemba momwe ndikulankhuliramu, poti ine sukulu ndinkangoidutsa panja popita kudimba.

Ndine Nachisale. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndakalambira ku Bolton kuno, m'nyumba ya mwana wanga Esinati, yemwe amagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Anandiitana kuti ndidzamulerere mwana wake Limbani iye akamapita kuntchito. Ndiye Limbaniyo ndamulera ndine. Monga timachitira kwathu, mdzukulu wangayo ndinkamutcha amuna anga, iye n'kumanditcha akazi anga. Mawu awiri amenewo ankawatchula bwinobwino, zina zonse ankandiyankha m'Chingerezi, ine n'kumangotola mwa apo ndi apo.

Anabadwa wamanzere. Ndinamumenyapo kadzanjako kangati kuti azidya ndi lamanja, osadziwa kuti ndikumenya chuma chake. Kusukulu anaona kuti akaponya mpira umachita kulira, ndipo mphunzitsi wina anamutengera ku Manchester kumene anthu amasewera besibo Lamlungu. Malamulo a masewerawo musandifunse. Chomwe ndikudziwa n'chakuti wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina amafuna kukamenya ndi chibonga, ndipo woponya wabwino ndi amene amamuchititsa wachibongayo kumenya mphepo. Mpirawo unamutengera ku koleji ku Amereka. Atamaliza, timu ina yaikulu inamulemba ntchito n'kumuika m'matimu ake ang'onoang'ono. Anakhala mmenemo zaka zisanu, kumangoyenda pa basi tauni ndi tauni.

Tsono mvetsetsani apa. Timu yaikuluyo ili ndi mndandanda wa maina makumi anayi. Amene ali pamndandandapo ndiwo ana a m'nyumba, ena onse ndi aganyu. Masewera akatha mu Okutobala, mabwana amakhala pansi nyengo yonse yozizira, kufafaniza maina ena, kulemba ena. Chaka chimenecho timuyo inatsala pang'ono kutenga chikho, inagwera pakhomo penipeni, ndipo ankati chinawagwetsa n'kusowa woponya wamanzere womalizira masewera. Anali ndi njala anthu amenewo. Limbani wamanzere anali pomwepo, dzina lake lili pamilomo yawo.

Anabwera ku Bolton kudzapuma pamodzi ndi mkazi wake Tadala, mtsikana wa kwathu komweko koma wokulira ku Liverpool. Anali atatha chaka chimodzi m'banja. Poti Limbani ndi amuna anga, Tadala anali mkazi mnzanga, ndipo tinkanyogodolana tsiku lonse.

"Mkazi mnzanga," ndinkatero, "mwandilanda mwamuna, mukufuna mundilandenso mphika?"

"Agogo, mwamunayu munamutopetsa ndi phala zaka zonsezi. Pumani, ndimukonze ine."

"Mumukonze ndi timadzi ta m'chitini timeneto? Adzauluka ndi mphepo."

Timadzito tinali ufa wina wa m'zitini umene Tadala ankamusungunulira akachoka kochita masewera olimbitsa thupi. Chitini chilichonse chinali ndi chidindo chosonyeza kuti a timu achivomereza. Tsiku lomwe anafika, Limbani anatikhazika pansi tonse n'kunena kuti chilichonse cholowa m'kamwa mwake chokhala ngati mankhwala chiyambe chadutsa kwa madokotala a timu, ngakhale panado. Esinati anandimasulira mawuwo limodzi ndi limodzi. Ndinamva. Musadzanene kuti gogoyu sanamve, kapena kuti n'chifukwa chosadziwa kuwerenga. Ndinamva, ndinagwedeza mutu.

Ntchito imene inanditsalira ine inali phala la m'mawa lokha.

Tsiku lina ndinamuona Limbani akunyamula ketulo ndi dzanja lamanja. Mwana amene ndinalephera kumusintha ndi mkwapulo, lero yekha wasintha? Ndinamufunsa, iye anati phewa langotopa, madokotala akudziwa, amupatsa zochita zolitakasa. Koma panali patatsala masabata atatu kuti akaponye m'chinyumba china ku Manchester, kutsogolo kwa kamera ndi makina, mabwana akuonera ali ku Amereka. Anthu amenewo amayeza chilichonse: liwiro la mpira, momwe ukupotokera m'malere, ngakhale pamene chigongono chikudutsa. Akatero ndiye amagamula kuti dzina lilowe kapena ayi.

Ine ndinali ndi ufa wanga. Ndinaugula kwa mayi wina amene ankagulitsa usipa ndi nyemba kumbuyo kwa galimoto yake tikaweruka kumapemphero ku Manchester. Anati ndi mizu ya kwathu, yosinja, ya nyamakazi. Mawondo angawa anali atandikana, koma nditamwa ufawo masiku atatu ndinkakwera masitepe ngati namwali. Ndiye ndinadziuza kuti mizu si mankhwala. Mankhwala ndi a kuchipatala, a m'mapepala onyezimira. Mizu ndi chakudya cha nthaka, makina a azungu sangaione. Ndinadziuzanso china chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse: mkazi mnzangayu aone kuti mwamuna amamudziwa ndani.

Theka la supuni m'phala, n'kuvundula ndi nsinjiro. M'mawa uliwonse, masabata atatu.

Mkati mwa masiku amenewo kunabwera bambo wina waulemu ndi kachikwama, wotumidwa ndi oyang'anira masewerawo kudzatenga mkodzo wa Limbani kuti akauyeze. Amabwera osachenjeza, ndi ntchito yawo. Ine ndinamufulira tiyi bamboyo, mtima uli m'malo.

Limbani anakaponya, ndipo anaponya bwino. Kumapeto kwa Novembala foni inalira, dzina lalowa pamndandanda. Esinati analira misozi, Tadala anakuwa mpaka oyandikana nawo nyumba anagogoda khoma, ine ndinamanga chitenje m'chiuno n'kuvina chimtali m'khitchini. Mumtima ndinkati, vinani nonse, koma mwini ntchito ndine.

Disembala asanafike pakati, kalata inabwera. Mumkodzo muja munapezeka mankhwala oletsedwa.

Masana a tsiku lotsatira bwana wa timu woyang'anira maina anaonekera pa kompyuta, pathebulo la m'khitchini. Sanakalipe. Analankhula mofatsa ngati m'busa pamaliro, Esinati akundinong'oneza tanthauzo lake. Anati wosewera wopezeka ndi zimenezi amaletsedwa kuponya nthawi yaitali, ndipo timu yothamangira chikho singasunge malo opanda munthu. Anati pali wamanzere wina wachikulire wa timu ina amene angathe kumutenga. Koma anamukonda Limbani, choncho adikira mpaka Lachisanu lomaliza la Januwale. Limbani akasonyeza kumene mankhwalawo anachokera, n'kuoneka kuti anawamwa mosadziwa, chilango chikhoza kufupika ndipo malowo amusungira. Akalephera, dzina lifafanizidwa.

Masabata asanu ndi limodzi, amayi. Ndinapatsidwa masabata asanu ndi limodzi kuti nditsegule pakamwa panga.

Loya wa Limbani anati chilichonse cha m'nyumba chimene mnyamatayo anamwa chitumizidwe kokayeza. Anasonkhanitsa zitini zonse pathebulo. Esinati anandipeza ndikutsuka mbale.

"Amayi, m'phala muja mumangothira nsinjiro basi?"

"Nsinjiro ndi mchere. Ukundiyesa mfiti?"

"Ayi, amayi, ndimangofunsa."

"Mwana ndalera ndekha, lero ndimuphe ndine?"

Anapepesa. Mwana wanga anandipepesa ine. Nditakwera kuchipinda ndinatenga kachitini ka ufa wanga uja n'kukaika m'chikwama chimene ndimasungiramo yunifolomu ya kutchalitchi, pansi pa bulauzi yoyera. Sindinakataye. Mukudziwa chifukwa chake? Mawondo. Ndinkaufunabe ufawo.

Zitini zinabwerako zonse zili zoyera. Koma panali chimodzi chimene chinatha kale n'kutayidwa, chomwe Tadala anagula kusitolo ina tsiku limene kumene ankagula kunalibe. Iye ankalumbira kuti chinali ndi chidindo. Tinali tonse pabalaza, aliyense maso pansi, ndipo ine ndinaona khomo lothawira.

"Mkazi mnzanga," ndinatero ndikuseka, ngati nthabwala zathu zija, "chitini chija munachitayiranji msangamsanga?"

Palibe anaseka. Limbani anatembenuka n'kumuyang'ana mkazi wake, kuyang'ana kwina kumene sindinakuonepo pankhope yake. Kuyambira tsiku limenelo timadzi tija ankasungunula yekha. Patatha sabata Tadala analongedza chikwama kubwerera kwa makolo ake ku Liverpool. Asanatuluke anabwera kudzandigwadira.

"Agogo, tsalani bwino. Muwayang'anire."

"Muyende bwino, mwanawe," ndinatero, mawu osanjenjemera n'komwe.

Mowa ndinauyamba mawa lake. Ine amene ndinali ndisanalaweko chiyambire, ngakhale masese a pa chinamwali. Ndinapita kukasitolo ka pakona n'kuloza botolo lokhala ndi chithunzi cha apozi. Esinati akapita kuntchito, Limbani akatuluka, ine ndinkatseka chitseko n'kumwa mpaka mawu a m'mutu aja atachepa. Poyamba kapu imodzi. Patangopita masiku ochepa, botolo lonse. Kenaka mabotolo awiri, ndipo ndinkayamba dzuwa lisanafike pamutu, ngati kuno kuli dzuwa. Ndinkatafuna adyo kuti fungo lisamveke. Kutchalitchi ndinasiya, ndinkati kukuzizira. Ndikanavala bwanji bulauzi ija?

Limbani poyamba ankapita kupaki ndi thumba la mipira, kumaponya kumpanda wa waya mvula ikumunyowetsa. Kenaka anasiya. Ankangokhala pampando, ndevu osameta, foni m'manja, kudikira loya. Bwana uja ankaimba Lolemba lililonse kufunsa ngati papezeka kanthu. Phala langa ankadyabe, lopanda ufa tsopano. M'mawa wina anandigwira dzanja n'kunena m'Chingerezi chake chophweka, choti ngakhale ine ndimve, kuti akazi anga, inu nokha ndi amene simunandigwiritse mwala.

Ndinachotsa mbale, ndinakwera masitepe, ndinamwa.

Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa. Ndikadzuka ndinkaganiza za nkhope ya Esinati, za amayi a kutchalitchi, za kutumizidwa ku Dedza ndi manyazi, n'kunena kuti mwina loya apeza njira ina. Mawa, mawa, mpaka masabata asanu anatha.

Lachiwiri la sabata yomaliza, cha m'ma leveni m'mawa, ndinatuluka m'kasitolo kaja ndi mabotolo anga m'jumbo. Ndinali nditamwa kale. Pakhomo panali madzi oundana. Ndinangozindikira ndili chagada, mkono wapindikira kumene supindikira, mowa ukuyenderera m'chitenje, anthu atandizungulira. Ambulansi inanditengera kuchipatala. Anesi anatenga foni yanga n'kuyamba kuimbira manambala amene anali mmenemo. Ya Esinati inali yotsekeredwa m'kabati kuntchito. Ya Limbani inali yozima. Amene anayankha anali Tadala.

Anakwera masitima awiri. Pamene ndinkatsegula maso masana, mkono uli m'chikhakha, ndinamuona atakhala pambali pa bedi, jekete lake likadali lonyowa. Fungo la mowa linali thupi langa lonse, koma sanalitchule. Anatenga kansalu, anakanyowetsa, anandipukuta kumaso ndi m'khosi. Duku langa linali litagwa, tsitsi la imvi lili pamtunda anthu akudutsa. Analikutumula n'kundimanga bwinobwino, mfundo kumbuyo monga ndimakondera.

"Mwadya, agogo?"

"Ayi."

"Ndakutengerani nthochi. Tsegulani pakamwa."

Anandidyetsa ngati khanda.

Kenaka kunabwera dokotala wamkazi, wamng'ono thupi, atanyamula mapepala. Analankhula nthawi yaitali akundiyang'ana ine, kenaka anayang'ana Tadala kuti amasulire.

"Akuti mkonowu uchira," anatero Tadala. "Koma akuti pali china chikuwadabwitsa. Nkhope yanu yatupa, shuga wakwera, khungu lanu lapyapyala, fupa lathyoka mosavuta. Akuti zimenezi zimaoneka kwa munthu amene wakhala akumwa mankhwala ena amphamvu kwa nthawi yaitali, koma m'mabuku mwawo mulibe kuti anakupatsanipo. Ndiye akufunsa, pali chimene mumamwa? Ngakhale cha kumudzi, ngakhale cha mizu."

Anafunsa mosaganizira kanthu mwanayo. Ankangogwira ntchito ya pakamwa.

Ndinayang'ana kudenga. Ndikanatha kunena kuti palibe. Ndinali nditazolowera, bodza linali litapanga kale njira pakamwa panga. Dokotala sakanamva Chichewa, Tadala akanamasulira kuti palibe, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinaona kuti bodza limenelo likatuluka mwa ine liyenera kudutsa m'kamwa mwa mwanayu, alinyamule yekha, alipereke ndi mawu ake. Ndinali nditamusenzetsa kale mlandu wanga. Tsopano ndimusenzetsenso bodza lomumangira mlanduwo, zala zake zikununkhabe nthochi imene wandidyetsa?

"Ulipo ufa," ndinatero.

"Ufa wanji, agogo?"

"Wa mawondo. Ndinagula ku Manchester. Uli m'chikwama cha yunifolomu."

Anatembenukira kwa dokotala n'kuyamba kumasulira. Ndinamugwira mkono ndi dzanja langa labwinoli.

"Sindinathe. Ndinkathiranso m'phala."

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona nkhaniyo ikulowa mwa iye pang'onopang'ono ngati madzi m'dothi louma.

"Phala la ndani?"

"La amuna ako."

"Liti?"

"Asanakaponye ku Manchester. Masabata atatu."

"Tsiku lija munandifunsa za chitini, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Tsiku lija ndinakugwadirani?"

"Ndinkadziwa, mwanawe."

Dokotala anafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Tadala anachotsa dzanja langa pamkono wake, mosakankha, anangolichotsa n'kuliika pabulangete. Anapukuta m'maso. Kenaka anamasulira zonse, mawu ali phee, osasiyapo kanthu. Atamaliza anatuluka panja kukaimbira loya. Sanabwererenso m'chipindamo.

Limbani ndinamuuza ndekha mawa lake masana, atanditulutsa. Ndinaika kachitini pathebulo la m'khitchini, Esinati ataima pakhomo manja ali kukamwa. Ndinanena zonse. Ndinkayembekeza kuti aswa mbale, akuwa, anditukwana, ndipo ndikanakonda akanatero. Iye anangokatenga kachitiniko, anakatembenuza uku ndi uku, n'kufunafuna mawu a Chichewa mmodzimmodzi.

"Agogo. Masabata sikisi. Ine ndimalira pano. Inu mumaona."

Sananditche akazi anga. Anavala jekete n'kupita kukakwera sitima ya ku Liverpool.

Loya anatumiza ufawo kokayeza tsiku lomwelo, koma oyezawo anati zotsatira zimatenga masabata awiri. Anaimbira bwana uja kumupempha kuti adikireko. Bwanayo anati akumva chisoni, ndipo akukhulupirira kuti mnyamatayo sanadziwe. Koma wamanzere wachikulire uja ankafunidwanso ndi timu ina, ndipo akazengereza aphonya onse awiri. Anati zimenezi zikanadziwika mu Disembala, nkhani ikanakhala ina. Lachisanu dzina la Limbani linafafanizidwa.

Si ufa umene unamuchotsa pamndandanda, amayi. Ufa unamugwetsa, inde, koma dzanja lomudzutsa linali lotambasulidwa masabata asanu ndi limodzi. Chinamuchotsa ndi pakamwa panga potseka.

Tsono mwina mukufuna kudziwa kuti munthu akafika pamenepo amadzuka bwanji. Sindikunamizani kuti ndinadzuka mowongoka. Ndinachita kukwawa.

Choyamba ndinapita ndi Esinati kukasitolo ka pakona. Ndinamuuza kuti amuuze mwini sitoloyo, ine ndili pomwepo, kuti gogoyu akadzalozanso botolo la apozi musadzamupatse. Manyazi ake anali ngati kuvula pamsika. Ndinabwererako kawiri ndekha kukayesa, bamboyo anangopukusa mutu n'kundipatsa mkaka. Masiku oyambirira manja ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu. Dokotala anandipatsa mapiritsi ondithandiza, ndipo anandiuza kuti ngakhale mankhwala a mu ufa muja sasiyidwa mwadzidzidzi, munthu akhoza kufa. Anandipatsa ena a mtundu womwewo n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi. Amene muli ndi ufa wotere kunyumba, musaukhuthulire m'chimbudzi mwakachetechete. Pitani nawo kwa dokotala, kachitini kali m'manja.

Zotsatira zitabwera zinasonyeza kuti mizu inalimo pang'ono, koma yosakaniza ndi mapiritsi osinja, omwewo amene anapezeka mwa Limbani. Ndinaitanidwa kukalankhula kwa oweruza nkhani za masewerawo. Ndinakhala kutsogolo kwa kompyuta mu ofesi ya loya ku Manchester, womasulira ali pambali, azungu atatu akundiyang'ana ali ku Amereka. Anandifunsa kukula kwa supuni. Anandifunsa ngati mnyamatayo anandionapo ndikuthira. Anandifunsa chifukwa chake ndinakhala chete, ndipo ndinati ndinkaopa kuchita manyazi kuposa mmene ndinkamukondera mdzukulu wanga. Womasulira anandiyang'ana ngati akufunsa kuti anene momwemo. Ndinati nenani momwemo. Pamapeto ndinadinda chala papepala. Chilango anachifupikitsa, ndipo analemba kuti Limbani sanabe masewera. Koma malo anali atapita kale.

Kenaka ulendo wa ku Liverpool. Ndinapempha mkulu wa mpingo ndi akazi awo kuti andiperekeze, poti mlandu wotere sumapita wekha. Tinakwera sitima, tinafika kwa makolo a Tadala. Ndinakana mpando. Ndinagwada pakapeti ndi mawondo omwewa, amene anali atayambiranso kupweteka, n'kunena pamaso pa bambo ake ndi mayi ake kuti mwana wanu sanalakwe, ndinamunamizira ndine, ndikudziwa. Mayi ake anandiuza mawu amene sindingawabwereze muno m'nyumba ya Mulungu, ndipo onse anali oona. Bambo ake anati amva. Tadala anandidzutsa pansi, koma sanandiyang'ane kumaso.

Chomaliza ndi chimene ndikuchita panopa. Lachiwiri lililonse ndimabwera pagulu lino, kaya kuzizire kaya kugwe chipale. Ndikamva khosi likuuma ndimaimbira Mayi Gondwe, iwo amangondiuza kuti ndivale nsapato tikayende. Ndipo ndinadziikira lamulo: chimene sindingathe kuchitchula pamaso pa munthu, sindichiika m'mbale yake. Kaya ndi chikondi chotani. Ena mwa inu mumagwira ntchito m'nyumba za nkhalamba, ena mumalera zidzukulu, ndipo ndikudziwa timapaketi timene timabwera m'masutikesi kuchokera kumudzi. Ngati mwathira kale, nenani lero. Mawa lija ine ndalidziwa, silifika.

Mayi wogulitsa ufa uja atamva kuti akufunidwa anasiya kubwera kumapemphero, ndipo foni yake siyankhidwanso. Timu ija inapita patali ndi wamanzere wachikulire uja, anthu akuti anawathandiza ndithu. Bwana uja anatumiza kalata yabwino yomuchitira umboni Limbani, ili m'dirowa.

Esinati akundisungabe. Amandigulira mankhwala, amandiperekeza kuchipatala, amandifunsa ngati ndadya. Koma kale akaweruka kuntchito ankakhala pabedi langa kundiuza za nkhalamba zake, tinkaseka mpaka misozi. Tsopano amaima pakhomo.

Tadala anabwererana ndi mwamuna wake. Akukhala ku Manchester, ndipo ali ndi mwana wamkazi amene wayamba kuyenda. Amabwera naye pa Khirisimasi ndi pa Isitala. Amandipatsa moni mwaulemu wonse, amandilola kumunyamula mwanayo iye ali pomwepo. Nthabwala zija zinatha.

Ine ndi uyu mukumuonayu. Masitepe ndimakwera chokhala, limodzilimodzi. Mowa sindinaulawe chaka chachiwiri tsopano, koma sindinganene kuti sindiufuna.

Limbani chilango chitatha anatumiza mavidiyo ake ku matimu ambiri. Awiri anayankha kuti zaka zapita, ali ndi anyamata ang'onoang'ono oti awayese. Ena sanayankhe. Panopa amagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu kunja kwa Manchester, kukweza makatoni m'malole. Phewa lija madokotala analiunika bwinobwino n'kupeza kuti linalibe vuto lililonse, kunali kutopa chabe monga ananenera mwini wake, likanapola lokha. Tadala anauza Esinati kuti Lamlungu masana amatengabe thumba la mipira kupita kupaki, ndipo akuti mpira ukuchita kulira kuposa kale. Koma palibenso amene amayeza.